Kolesterolo "Wabwino": Kodi Amatetezadi Mtima?

 Kwa inu amene mukuwerenga pa foni chifukwa Loweruka munali ku ukwati kapena ku mpira, awa ndi mawu omwe aja ndinayankhula, kungoti ndawakonzako pang'ono kuti awerengeke.

Komiti itagawa mitu ya zaumoyo ya mwezi uno, ine unandigwera wa kolesterolo. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuyasamula. Mukuti izi ndi za mabwana a mimba zazikulu, oyenda pa galimoto, odya soseji m'mawa uliwonse; ife a nsima ya masamba zikutikhudza pati? Imvani kaye izi. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 17.9 miliyoni anamwalira ndi matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi, ndipo oposa atatu mwa anayi alionse anali a m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati. Koma chimene chinandichititsa nthumanzi ine ndi ichi. Mu 1953 madokotala a ku America anafalitsa zimene anapeza atapima mitembo ya asilikali 300 amene anafera ku nkhondo ya ku Korea. Anali anyamata amphamvu, a zaka za m'ma 22, ophedwa ndi nkhondo osati matenda. Koma pafupifupi 77 mwa 100 alionse mitsempha yawo ya mtima inali itayamba kale kumata mafuta. Zaka 22, anzanga. Ndi msinkhu wathu umenewo. Matendawa amagwetsa munthu ali ndi zaka 50 kapena 60, koma maziko ake amakumbidwa munthu atangovula yunifolomu ya sukulu.

Tiyambe ndi kumuyeretsa dzina kolesteroloyo, chifukwa si poizoni ayi. Ndi mtundu wa mafuta olimba ngati phula, ndipo thupi silingakhale popanda iye. Selo iliyonse ya m'thupi mwanu khoma lake muli kolesterolo. Mahomoni amene anakupatsani ndevu anyamatanu, ndi amene amayendetsa msambo kwa atsikana, amapangidwa kuchokera kwa iye. Vitamini D ndi ndulu chimodzimodzi. Ndipo wambiri sachokera m'mbale. Thupi limadzipangira lokha, makamaka chiwindi. N'chifukwa chake munthu woonda ngati bango akhoza kukhala ndi kolesterolo wokwera, wonenepa wina ali bwinobwino. Zomera zilibe kolesterolo, choncho botolo la mafuta a mpendadzuwa lolembedwa kuti mulibe kolesterolo likunena zoona, koma zili ngati kugulitsa madzi n'kulembapo kuti mulibe mafupa.

Vuto ndi lakuti mafuta ndi madzi sizigwirizana. Aliyense amene anatsukapo mbale ya nyama ndi madzi ozizira akudziwa. Magazi mbali yaikulu ndi madzi, ndiye kolesterolo sangayende yekha. Thupi limamulongedza m'timipira ta mapuloteni, ndipo timipira timene timatchuka ndi tiwiri: LDL ndi HDL. Apa mvetsetsani bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kolesterolo amene ali mu LDL ndi amene ali mu HDL ndi mmodzi yemweyo, sasiyana olo pang'ono. Chosiyana ndi galimoto imene wakwera ndi kumene ikulowera. Ganizirani kampani ya zakumwa. LDL ndi lole yochoka kufakitale kukagawa katundu m'magolosale. HDL ndi lole yotolera zotsala n'kubwerera nazo kufakitale, ndipo fakitale yake ndi chiwindi. Chiwindi chimatsanulira kolesterolo wobwererayo mu ndulu, ndulu imapita m'matumbo, wina n'kutuluka tikapita kuchimbudzi.

Tsopano mtima. Ndi mnofu waukulu ngati chibakera chanu, ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, osapita ku holide. Ngakhale magazi onse amadutsa m'kati mwake, mtima sudya magazi odutsawo. Uli ndi mitsempha yakeyake imene inayanga pamwamba pake ngati chisoti chachifumu. Madokotala amaitcha coronary, kuchokera ku mawu a Chilatini akuti corona, kutanthauza chisoti. Eya, ndi mawu omwe aja a kachilombo kanatitsekera sukulu mu 2020. Mitsempha imeneyi ndi yaing'ono, mamilimita 3 kapena 4 m'mimba mwake, ngati kachubu ka inki ka m'bolopeni. Moyo wanu wonse ukudalira timachubu timeneti.

LDL akachuluka m'magazi amalowerera pansi pa kakhungu ka m'kati mwa mtsempha, makamaka pamene pakandika kale ndi utsi wa fodya, BP kapena shuga. Akalowa amakodwa momwemo n'kuwonongeka. Asilikali a m'thupi, maselo oyera aja, amathamangirako kukamumeza, amameza mpaka kukhuta, ena n'kufera pomwepo. Chaka ndi chaka mulu uja umakula, n'kukhala ngati chithupsa m'khoma la mtsempha. Ambiri timaganiza kuti zili ngati matope odzaza m'paipi, koma ayi, chotupacho chili m'kati mwa khoma lenilenilo. Njira ikachepa, munthu akakwera chitunda kapena akanyamula thumba la chimanga chifuwa chimathina, akapuma chimasiya. Choopsa kwambiri ndi tsiku limene chithupsa chija chiphulika. Magazi amaundana pomwepo ngati pa bala, njira imatsekeka m'mphindi zochepa, ndipo mbali ya mtima imene imadya kudzera mumtsempha umenewo imayamba kufa. Zikachitikira mu ubongo ndiye sitiroko, ija kumudzi ena amati wamenyedwa hamala, mpaka kuloza zala agogo osalakwa.

HDL ntchito yake ndi kukafika pa maselo okhuta aja, kuwalandira kolesteroloyo n'kupita naye kuchiwindi. Dzina loti "wabwino" linatchuka chifukwa cha kafukufuku wa m'tauni ya Framingham, ku Massachusetts ku America. Kuyambira mu 1948 madokotala anatsatira anthu 5,209 a m'tauniyo, kuwayeza zaka ziwiri zilizonse, kuti aone amene adzadwale mtima ndi ndani. Kafukufukuyu akupitirirabe, pano akuyeza mpaka zidzukulu. Mu 1977 anafalitsa kuti anthu a HDL wochepa ankadwala mtima kwambiri kuposa a HDL wambiri. Kafukufuku wa m'mayiko ena anapeza zofanana. Basi nkhani inaoneka ngati yatha: LDL woipa, HDL wabwino, tsitsa uyu, kweza uyo. Mukayankha choncho pa mayeso a Biology mukhoza ndithu.

Koma chimene ndabwerera pano ndi zimene zinachitika anthu atayesadi kukweza HDL.

Kampani ya Pfizer inapanga mankhwala otchedwa torcetrapib, ndipo inawononga ndalama pafupifupi madola 800 miliyoni. Anawayesa pa anthu oposa 15,000. Pa pepala zinali zokongola: HDL anakwera ndi 72 peresenti. Koma mu Disembala 2006 kafukufukuyo anaimitsidwa mwadzidzidzi, chifukwa amene ankamwa mankhwalawo ankamwalira kwambiri kuposa amene sankamwa. Pomaliza anawerenga 93 mbali iyi, 59 mbali inayo. Anthu anati mwina vuto ndi mankhwalawo, chifukwa anapezeka kuti ankakwezanso BP. Ndiye makampani ena anapanga ofanana nawo koma opanda vuto lalikulu limenelo. A Roche anasiya awo mu 2012. A Eli Lilly anasiya awo mu 2015, HDL atakwera kuposa kawiri koma odwala mtima osachepa. A Merck awo anathandizako pang'ono, koma akatswiri anaona kuti thandizolo likufanana ndi mmene mankhwalawo anatsitsira kolesterolo woipa uja, ndipo kampaniyo sinawatulutse n'komwe pamsika. Anayesanso niacin, amene ndi vitamini B3 womwa wambiri, pa anthu oposa 25,000 ku Britain, ku Scandinavia ndi ku China. Zotsatira za mu 2014: HDL anakwera, mitima sinapulumuke, zovuta zina zinachuluka.

Ena anafunsa funso lomweli kudzera kwina. Pali anthu amene amabadwa ndi majini owapatsa HDL wambiri moyo wawo wonse. Ndikunena majini otengera kwa makolo, osati a ziwanda, musathawe. Ngati HDL ndi chishango, anthu amenewa anayenera kudwala mtima mochepa. Gulu la Sekar Kathiresan ku Boston linafufuza zimenezi n'kufalitsa mu 2012, ndipo linapeza kuti amadwala mofanana ndi wina aliyense. Atachita chimodzimodzi ndi majini a LDL, zinatuluka monga ankayembekezera: wobadwa ndi LDL wambiri amadwala kwambiri.

Nkhani imene inandisangalatsa ine ndi ya kamudzi ka Limone sul Garda, m'mbali mwa nyanja ya Garda ku Italy. Cha m'ma 1980, Cesare Sirtori ndi Guido Franceschini a ku yunivesite ya Milan anakumana ndi bambo wina wochokera kumeneko amene HDL wake anali wotsika moti buku likanati mitsempha yake yatha. Koma inali bwinobwino. Atayeza mudzi wonse anapeza anthu pafupifupi 40 otero, onse a mtundu umodzi, ochokera ku banja limodzi la m'zaka za m'ma 1700. Puloteni ya HDL wawo inali yosiyana pang'ono ndi ya anthu ena, ndipo anaitcha ApoA-I Milano. Kwina ku Denmark, kafukufuku wa anthu oposa 116,000 amene anatuluka mu 2017 anaonetsa mbali inayo: anthu a HDL wokwera mopitirira muyezo ankamwalira msanga kuposa a HDL wapakatikati.

Ndiye tizimva bwanji? Bwererani ku malole aja. Makina a ku labu akamayeza HDL amangoyeza kuchuluka kwa katundu amene ali m'malolemo pa nthawi imeneyo. Sayeza maulendo. Malole khumi odzaza mpaka pakamwa atangoima m'mbali mwa msewu osatsitsa, pa pepala ndi nambala yaikulu, koma m'magolosale zotsala zikungounjikana. Malole atatu othamanga, otenga n'kutsitsa, otenga n'kutsitsa, nambala yake ndi yaing'ono koma ntchito ikugwirika. Asayansi ayamba kuyeza luso lotolera limeneli, ndipo likuoneka kuti limalosera matenda kuposa nambala wamba ija, koma kuyeza kwake kudakali kwa m'kafukufuku, simungakupeze pa chipatala.

Chinanso ndi chakuti HDL wotsika kawirikawiri sayenda yekha. Amapezeka mwa munthu wosuta, wa mimba yotsogola, wa shuga, wongokhala osagwiritsa ntchito thupi. Zinthu zimenezi pazokha zimawononga mitsempha. Ndiye HDL ali ngati tambala. Akalira, kunja kukucha ndithu, mungamukhulupirire. Koma kugula atambala khumi sikungachititse kuti kuche msanga. Ine kuona kwanga, dzina loti "wabwino" latipusitsa pang'ono. Munthu amaona nambala yake ya HDL ili pamwamba n'kumati ndine wotetezedwa, LDL wanga asiyeni. Si choncho. Pa LDL umboni ndi wolimba. Mapiritsi a statin, amene chiyambi chake ndi ntchito ya Akira Endo wa ku Japan, yemwe anawapeza mu chuku m'zaka za m'ma 1970, akatsitsa LDL ndi 1 mmol/L amachepetsa ngozi za mtima ndi sitiroko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Wina akabwera pa WhatsApp ndi tiyi kapena makapisozi oti amakweza kolesterolo wabwino, mufunseni kuti ngati madola 800 miliyoni analephera, botolo lakelo lapambana bwanji.

Pali mfundo ina yotikhudza ife akuda. Anthu a ku Framingham pafupifupi onse anali azungu. Mu 2022 kafukufuku wina wa ku America wotchedwa REGARDS, amene anatsatira anthu pafupifupi 24,000 kwa zaka zoposa 10, anapeza kuti HDL wotsika ankalosera matenda a mtima mwa azungu, koma mwa akuda sankalosera. HDL wokwera sanateteze gulu lililonse. Inde, munthu wakuda wa ku Alabama sadya kapena kukhala ngati munthu wa ku Ntcheu, choncho sindikunena kuti zotsatirazo ndi zathu. Ndikungoti manambala amene anapezedwa pa anthu ena sitingangowameza. Amene mukulakalaka KUHeS, ntchito ndi imeneyo ikukudikirani. Chimene tikuchidziwa kale kwathu kuno ndi BP. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Ndinene pang'ono za HIV, popeza palibe banja limene sinalikhudze. Kachilomboka kakakhala kosaponderezedwa kamatsitsa HDL ndipo kamatupitsa mitsempha m'kati, moti anthu amene ali nako amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha matenda a mtima. Ichi ndi chifukwa china chomwera ma ARV mosadumphitsa. Mu 2023 kafukufuku wa REPRIEVE, amene munali ndi anthu a kuno ku Africa, anaonetsa kuti statin anachepetsa ngozi za mtima ndi 35 peresenti mwa anthu a zaka 40 mpaka 75 amene ali pa ma ARV. Woyenera kumwa ndani, zimenezo ndi za adokotala, osati za ine kapena za wogulitsa mankhwala pamsika. Koma m'bale wanu akamapita kukatenga mankhwala, mukumbutseni kuti apemphe kuyezedwanso BP.

Nanga ifeyo titani? Chosangalatsa n'chakuti zinthu zimene zimakweza HDL mwachilengedwe zimateteza mtima kudzeranso njira zina, ndiye kaya HDL ndi tambala kaya ndi dzuwa, simuluza. Fodya ndiye woyamba. Kaya ndudu, kaya chingambwe, kaya shisha ya pa phwando ija ena mumati ndi nthunzi chabe, utsi umatsitsa HDL, umakanda mitsempha, umachititsa magazi kuundana msanga. Munthu akasiya, HDL amayamba kukwera m'milungu yochepa. Chachiwiri ndi kuyendetsa thupi. A WHO amati mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Amene mumalima, kupalasa kabaza kapena kutunga madzi pa mjigo mumapitirira kale pamenepo. Vuto limayamba tsiku limene zinthu zayamba kuyenda: wapeza ntchito ya pa mpando, kupita ndi njinga yamoto, kubwera ndi njinga yamoto, madzulo foni, n'kuyamba kutamandidwa kuti wanenepa, ndalama zakukonda. Kunenepa kwa pamimba kumeneko ndi kumene kumatsitsa HDL n'kuitana shuga.

Pa zakudya, chimene ndaona n'chakuti zambiri zimene mabuku amayamikira ndi zomwe timazinyoza kuti n'zachimidzi. Nyemba, nandolo, masamba otendera nsinjiro, mapeyala, usipa, nsima ya mgaiwa. Mafuta a mtedza ndi a mapeyala ndi abwino ku mitsempha kuposa mafuta a nyama yonona. Oipitsitsa ndi aja amatchedwa trans fat, mafuta amadzi amene amaumitsidwa kufakitale, opezeka m'majarini ena ndi m'mabisiketi ena. Amakweza LDL n'kutsitsa HDL nthawi imodzi, moti mu 2018 a WHO anapempha mayiko onse kuti awachotse m'zakudya. Za pa chiwaya sindikuletsani, inenso ndimaima pomwepo. Koma mafuta akada ngati oilo wa mu injini chifukwa chowiritsidwa mobwerezabwereza, awonongeka, ndipo tchipisi cha tsiku lililonse ndi chakumwa chotsekemera pambali si nkhomaliro. Shuga wambiri amakweza mafuta ena a m'magazi otchedwa triglycerides, ndipo amenewa akakwera HDL amatsika.

Ndikuona anyamata a pakona apo mukumwetulira, chifukwa munamva kuti mowa umakweza HDL. N'zoona, umakwezadi. Umakwezanso BP, umaotcha chiwindi chomwe chija timati ndi fakitale, ndipo mwangomva kumene kuti kukweza nambalayo pakokha sikunapulumutse munthu. Palibe dokotala wabwino amene angakuuzeni kuti muyambe kumwa pofuna kuteteza mtima.

Mayi kapena bambo anu akabwera ndi pepala la ku labu n'kukupatsani kuti muwawerengere, poti inu ndi amene munapita kusukulu, manambala ake ndi awa. Kolesterolo yense akhale pansi pa 5 mmol/L. LDL akhale pansi pa 3, ndipo kwa amene anadwalapo mtima kapena ali ndi shuga adokotala amafuna atsike kuposa pamenepo. HDL amatengedwa kuti ndi wotsika akakhala pansi pa 1.0 kwa abambo, kapena pansi pa 1.3 kwa amayi. Akakhala wotsika, funso si lakuti timukweze ndi chiyani, koma lakuti akutiuza chiyani: kodi pali fodya, pali shuga, BP ili bwanji? Akakhala wokwera, musawauze kuti ali pabwino musanaone LDL. Ndipo funsani mbiri ya kwanu. Ngati bambo kapena mchimwene anadwala mtima asanafike zaka 55, kapena mayi kapena mchemwali asanafike 65, inuyo mukayezetse mudakali achinyamata, chifukwa pali matenda a LDL wokwera otengera kumtundu amene amapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250 kapena 300 alionse.

A Wapampando akundilozera wotchi, ndiye ndinene ichi mwachangu. Munthu akamva kulemera pachifuwa ngati amuika mwala, kupweteka kukufalikira kumkono, kunsagwada kapena kumsana, thukuta lozizira, kubanika, ndipo sizikusiya ngakhale atakhala pansi kwa mphindi zingapo, musamupatse madzi a soda n'kumati ndi chilungulira, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, njinga yamoto, chilichonse, apite kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mnofu wa mtima ukafa subwereranso. Kwa amayi ndi kwa odwala shuga nthawi zina chifuwa sichipweteka kwenikweni, amangomva kutopa kosadziwika, mseru ndi kubanika.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti pa mpira wathu wa mwezi wamawa tikapemphe a zaumoyo abwere ndi makina oyezera BP, tiwaikire tebulo pansi pa mtengo pafupi ndi golo, ndipo aliyense abwere ndi kholo limodzi. Amene mukugwirizana nazo lembani m'munsimu kuti a Mlembi awerenge.